Bwato la aMalinyero, Gawo Lachitatu: Phula la Kumutu

M'magawo apitawa: Kuseri kwa nyumba ina ku Nabvutika kwakhala bwato lachitsulo kuyambira kalekale, poyamba likusunga chimanga, kenako nkhuku. Mwini wake, amene komboni yonse inkawatcha aMalinyero, atamwalira, mwana wawo wamwamuna anafuna kuligulitsa kwa ogula sikirapu. Mdzukulu wawo, wowotcherera mageti, anapempha kuti alikonze, ndipo nkhaniyo inamveka mpaka pa wailesi. Ambuya, mkazi wa malemuyo, analola, koma anaika lamulo limodzi: kumutu kwa bwatolo asakhudzeko munthu. Mdzukuluyo akupitiriza kusimba.

Dzimbiri la zaka zambiri silichoka ndi phuma. Tinayamba ndi girainda, koma amalume anandigwira mkono atangoona kuti ikudya mitu ya maliveti. Tinaiika pambali n'kutenga hamala yaing'ono, tchizulo, burashi ya waya ndi palafini. Bwatolo tinalivundikira pa matayala akale a lole, ndipo m'mawa uliwonse, ndisanatsike ku Kapata kukatsegula shedi yanga, ndinkagogoda chitsulocho pang'onopang'ono. Pamene chili ndi moyo chimalira ngwee. Pamene chadyeka chimangoti phu. Paliponse poyankha phu ndinkazungulizapo choko, ndipo pofika kumapeto kwa Juni mimba ya bwatolo inali mawangamawanga.

Amalume anali asanasiye maganizo awo ogulitsa, koma manja awo anali atayamba kuikonda ntchitoyo. Iwo ndiwo anazindikira kuti penti siinali imodzi. Pamwamba panali phula lakuda limene agogo ankapaka chaka chilichonse mvula isanagwe. Pansi pa phulalo panatuluka penti yobiriwira. Titaipala panabwera yotuwa, ndipo pansi pa zonse panali yoyera, yopyapyala, yomatirira kuchitsulo moti burashi inkangoterereka.

Tili mkati mopala, panamveka odi. Anali Aphunzitsi, anansi athu amene anapuma ntchito ine ndisanabadwe, ndodo m'manja, magalasi atawamangirira ndi kaulusi. Ndinawapatsa mpando koma sanakhale. Anazungulira bwatolo kawiri, akusisita ndi chala pamene zitsulo zinakumana.

"Mwana wanga, waliwerenga zidutswa?"

"Zinayi, Aphunzitsi. Analilumikiza ndi mabawuti."

"Nanga munthu wanzeru zake angadulirenji bwato panayi, kenako n'kuvutikanso kulilumikiza?"

"Kuti likwane pa lole," anayankha amalume.

"Lole inalipo? Panali mutu ndi phewa basi."

Apa ndipo anakhala pansi. Anatiuza kuti nthawi imeneyo katundu wa azungu ankalowera ku Chinde, pamene Zambezi amathira m'nyanja yamchere, n'kukwera ndi mtsinje mpaka kulowa mu Shire. Koma Shire ali ndi mathithi pakati, ndipo palibe sitima yoti n'kuwakwera. Choncho chilichonse chopita kunyanja chinkatsitsidwa, n'kusenzedwa ndi amtengatenga kudutsa mapiri mpaka kumtunda kwa mathithiwo. Sitima ya Ilala yoyamba inadutsa mathithiwo choncho mu 1875, zidutswazidutswa. Sitima ya Chauncy Maples, imene anaipanga ku Glasgow mu 1899, inabwera m'zidutswa 3,481. Boyila yake yokha sakanaidula. Inkalemera matani 11, ndipo anaikoka pa ngolo amuna a Chingoni 450.

"Chidutswa chilichonse anachidinda nambala," anatero Aphunzitsi, "kuti omanga asasochere. Koma atazipaka zinki yoteteza dzimbiri, manambalawo anakwiririka. Anthu anakhala zaka ziwiri akuyesa chitsulo ichi pa icho, ndipo sitimayo inalowa m'madzi mu 1901. Ndiye iwe tapala apa, pafupi ndi bawuti."

Ndinanyowetsa kansalu m'palafini n'kupukuta. Panaoneka kanambala kodinda, 2, ndipo tsidya lina la mlumikizowo panalinso 2. Pa mlumikizo wotsatira, 3 ndi 3. Amalume anavula chipewa n'kudzikanda m'mutu.

Aphunzitsi sananene kuti bwato lathu linali la sitima yakutiyakuti, ndipo ndinawalemekeza chifukwa cha zimenezo. Anangoti kapangidwe kake ndi ka nthawi ya amtengatenga, ndiponso kuti penti yotuwa imawakumbutsa nkhondo, popeza mu Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen inakaombera sitima ya Ajeremani ku Sphinxhaven, tsidya la nyanja, ndipo mfuti yake ili pafupi ndi nsanja ya wotchi ku Mangochi mpaka lero. Ine mtima wanga unatsalira pa amuna 450 aja. Chauncy Maples inatenga dzina la bishopu amene anamira m'nyanja mu 1895 n'kuikidwa ku Nkhotakota. Dzina lake aliyense angalipeze. Koma amene anakoka boyila, zingwe zikuwadula m'mapewa, amangotchulidwa ndi nambala. Kuno kwathu nakonso, Angoni a Mpezeni atagonja mu 1898, ng'ombe zitalandidwa, msonkho utabwera, amuna ambiri analowa ntchito ya mtengatenga yomweyo, kusenzera katundu Fort Jameson, Chipata ya lero, imene inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Ndikayang'ana chidutswa chimodzi cha bwato lathu, chimene ine ndi amalume timachinyamula mochita kubuula, ndimafuna kudziwa kuti anachisenza ndani, anadya chiyani madzulo ake, ndipo anabwerera kwawo kapena ayi.

Nthawi yonseyi ambuya anali pakhonde akusenda nsawa, ngati sakumva. Koma Aphunzitsi atafunsa za penti yobiriwira, anayankha okha osadzutsa mutu.

"Imeneyo ndi ya kufamu. Mzungu wa fodya analigula ku Salima kuti aziyendera pa damu lake. Linabwera pa lole, kudzera ku Lilongwe ndi ku Fort Manning, kumene mukuti Mchinji masiku ano. Agogo ako anabwera atakhala m'kati mwake ulendo wonsewo. Mzunguyo anagula bwato, wopalasa anangomupeza alimo kale."

"Nanga linafika bwanji kuno, Ambuya?"

"Ufulu utabwera mzunguyo anapita. Anzawo analandira njinga, ena malata. Iwo anapempha bwato. Anthu anawaseka kuyambira kufamu mpaka kuno, ngolo ikukwera nalo phiri. Bwato kumtunda kopanda nyanja!"

"Asanabwere kuno ankagwira ntchito kuti?"

"Mwamuna wanga, mafunso ako achuluka," anatero, monga amanditchulira akafuna kundiseka. Koma sanaseke. Ananyamula lichero lawo n'kulowa m'nyumba.

Ntchito yotseka mabowo inatitengera mwezi wonse wa Julayi. Ine ndinkafuna kungowotcherera zigamba, poti ndiyo ntchito imene ndimadyera. Nditayesa pamalo amodzi, chitsulocho chinatulutsa utsi woyera wotsamwitsa, ndipo kutentha kunamasula maliveti atatu oyandikana nawo. Usiku umenewo ndinagona ndi mutu ndi kuzizidwa, ambuya akundimwetsa mkaka monga amachitira owotcherera onse. M'mawa amalume anati, "Amene analipanga sanawotcherere. Tiyeni tiwatsate."

Tinadula mabawuti ofewa kukhala tizidutswa totalika ngati chala, n'kuwaika pa mbaula ya makala a mopani, mphwanga akupemerera ndi pampu ya njinga. Chitsulo chikafiira psuu, ndinkachitola ndi pulayala n'kuchilowetsa pa bowo. Amalume ankagona chagada pansi pa bwato atatsamiritsa hamala yaikulu ku mutu wa livetilo, ine pamwamba n'kumamenya msangamsanga mpaka nsonga itaphwanthika n'kukhala yobulungira. Likamazizira limadzikoka lokha, n'kumanga zitsulo ziwirizo kolimba kuposa mmene dzanja lingamangire. Oyambirira anatuluka okhota. Koma patapita masiku manja anagwirizana, moti sitinkafunikanso kulankhulana: amalume akagogoda kamodzi, ndiye kuti menya, akagogoda kawiri, dikira. Chibadwire sindinagwirepo ntchito ndi amalume popanda kukangana. Ana a m'komboni ankadzaza pa mpanda, ndipo amayi opita kumsika ankaima n'kufunsa kuti lidzayandama liti pa damu la Lutembwe.

Popala pansi pa mpando wa wopalasa, thabwa lachitsulo limene lili pakati, ndinapeza timaenje tokhomedwa ndi msomali. Poyamba ndinayesa dzimbiri. Nditapakapo choko n'kupukuta, timaenjeto tinasanduka manambala: 30.7.46. Pambali pake panali mizere iwiri yoimirira, wina wautali, wina waufupi.

Ndinathamanga kukaitana Aphunzitsi. Anagwada movutikira, n'kuyandikiza magalasi. Anakhala choncho nthawi yaitali, ndipo podzuka anachita kugwira phewa langa.

"Vipya," anatero.

Amalume ndi ine tinangoyang'anana.

"Inali sitima yatsopano, yongoyenda maulendo ochepa. Pa 30 Julayi 1946 inakumana ndi mwera kumpoto kwa nyanja, cha ku Chilumba, n'kugubuduzika. Anthu 145 anafa. Ku Mangochi kuli chikumbutso chawo pafupi ndi mfuti ija ndinakuuzani. Ilala imene ikuyenda lero, imene inalowa m'madzi mu 1951, inabwera pambuyo pa tsokalo." Anapuma pang'ono. "M'madoko ambiri sitima sinkafika kugombe. Inkaima patali, ndipo anthu ankawapititsako pa mabwato aang'ono onga ili."

Palibe anawonjezerapo mawu. Nditacheuka ndinaona katani ya pawindo la ambuya ikugwedera.

Usiku, malaiti atathima, ndinawapeza atakhala pa mphasa pafupi ndi kandulo, manja ali pamiyendo. Ndinakhala pansi chapatali pang'ono.

"Ambuya, mzere wautali ndi waufupi."

Anakhala chete mpaka ndinaganiza kuti sayankha.

"Anali ndi mkazi kunyanja, ine ndisanabwere. Ndi kamwana kakakazi, ka kumsana. Mkaziyo ankapita kwawo kumpoto kukaonetsa mwana. Agogo ako anawapalasa okha kupita kusitima, m'bwato lomwelo. Anamunyamula mwanayo ndi manja awo n'kumupereka pamwamba. Iwo anabwerera kugombe kukatenga ena."

"Anakuuzani okha?"

"Kamodzi. Chaka chimene anabadwa amalume ako. Sanabwerezenso, inenso sindinafunse. Mwezi wa Julayi ukafika ankagona m'bwatomo, kuzizira konse kuja, ine n'kumawapititsira bulangete."

Ndinakumbukira mmene tinkawasekera tili ana, kuti agogo akuopa akuba nkhuku. Pakhosi panandiuma.

"Ambuya, nanga kumutu kuja kuli chiyani?"

"Zimene zili mmenemo si zako. Ndinakuuza kale."

Ndikanasunga lamulolo mpaka kalekale, madzi akanapanda kutikakamiza. Bwato siliyesedwa pa damu poyamba. Umalitembenuza, n'kulidzaza madzi lili pamtunda, kenako n'kuona pamene pakudontha. Loweruka lotsatira ana a m'komboni anapanga mzere kuchokera pa mpopi, zigubu pamutu, ine ndikuwalipira ndi zitumbuwa. Madzi atafika pakati tinagwada kuyang'ana pansi. Maliveti athu onse anali gwa, osalola ngakhale dontho. Amalume anaseka mokweza, koyamba chimwalirire agogo.

Koma madziwo ankatsika. Tinaika chizindikiro cha choko, ndipo patapita kanthawi anali atatsika ndi chala chimodzi, pansi pali pouma. Ankalowa kwina.

Kumutu kwa bwatolo kuli kachipinda kotsekedwa mbali zonse, kosungira mpweya kuti bwato likadzaza madzi lisamire. Kali ndi chivundikiro chimodzi chozungulira, chokula ngati mbale, ndipo chinali chomatidwa ndi phula lochindikala kuposa pena paliponse. Nditatsamiritsa khutu ndinamva madzi akulowa, tho, tho, tho. Tinachotsa madzi onse mofulumira n'kunyamula bwatolo kumbuyo kuti litsetsereke. M'kachipindamo munamveka chinthu chikukhwekhwereza, n'kukagunda kukhoma.

Maso a amalume anasintha.

"Tikasiya madzi mmenemo, lidyeka kuchokera m'kati. Ukudziwa iwe."

"Ndikudziwa, Amalume. Koma ndinalonjeza."

"Unalonjeza ndiwe. Ine ndi bwato la atate anga."

Ambuya anali atapita ku maliro ku Mchini m'mawa umenewo. Ndinawapempha amalume kuti tidikire abwere, koma anali atatenga kale khala lamoto pa mbaula ndi pulayala, akuliyendetsa m'mphepete mwa chivundikirocho. Phula linayamba kusungunuka, likununkha. Ndinaima pomwepo manja ali lende. Sindinawathandize, komanso sindinawagwire mkono monga iwo anagwirira wanga pa girainda. Anaika tchizulo, n'kumenya kawiri, katatu. Chivundikiro chinalira kwee n'kuzungulira.

Munatuluka madzi ofiira ndi fungo la chinyontho. Amalume analowetsa mkono mpaka m'phewa n'kutulutsa phukusi. Ndinayembekezera kansalu ka mwana, kapena mkanda, kapena tikiti ya sitima. Koma phukusilo linali lokulungidwa ndi thumba la feteleza la pulasitiki, lomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga.

"Mu 1946 kunalibe matumba awa," ndinatero.

Amalume sanayankhe. Anadula mphirawo. M'kati munali chitini cha mabisiketi, chadzimbiri m'makona koma chouma. Anachigwedeza pafupi ndi khutu, ndipo sichinalire ndalama. Nkhope yawo inagwa pang'ono, n'kundipatsa ine.

Munali makalata, omangidwa pamodzi ndi ulusi wa thonje. Maenvulopu anali atachita chikasu. Onse analembedwa dzina la agogo, ndi dzanja limodzi lozungulira bwino, la munthu wophunzira ku mishoni, kudzera pa bokosi la tchalitchi chathu. Apansi analembedwa Fort Jameson, apamwamba Chipata. Masitampa anali a Malawi, ena okhala ndi mutu wa Kamuzu pakona. Ndinawatembenuza imodzi imodzi. Yapansi yokha ndiyo inali yong'ambidwa. Ena onse anali chimatire, osatsegulidwa.

Ndinatulutsa pepala la m'kalata yotsegulayo. Inki inali itafufuma, koma mzere woyamba unkawerengeka. Unayamba ndi mawu akuti atate.

"Bwezera."

Ambuya anali ataima pa ngodya ya nyumba, chitenje cha kumaliro chikadali m'chiuno, nsapato zili m'manja. Sindinawaonepo akunjenjemera, koma tsiku limenelo nsapatozo zinkagundana.

"Amama," anatero amalume, mawu ali pansi, "atate ankabisa makalata a ndani?"

"Atate ako sanawaonepo."

"Mukuti bwanji?"

"Kutchalitchi ndinkapita ndine. Makalata ankapatsa ine. Yoyambayo anandiwerengera akatekisiti, Mulungu awalandire, ndipo ndinawalumbiritsa. Iwe unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mlongo wako ali kubere. Ndikanawapatsa, akanakwera basi tsiku lomwelo." Anameza malovu. "Phula lakumutulo sankamata atate ako. Ndinkamata ndine."

Amalume anakhala pansi pa tayala ngati miyendo yawathawa. Ine ndinangoti kakasi, chitini chili m'manja. Agogo anagona m'bwatomo Julayi aliyense, mutu wawo utatsamira chitsulo chomwecho, makalatawo ali kuseri kwake. Ndinafuna kukwiya, koma ndikayang'ana ambuya, amene anandilera amayi atamwalira, mkwiyowo unkasowa pogwira.

Ana amene anali pa mpanda anayamba kusuntha, akupatuka. Kunja kunamveka mabelu a njinga ziwiri zonyamula anthu, zikukwera kamsewu kathu kamiyala, oyendetsa akuzikankha. Pa yoyamba panatsika mnyamata wa msinkhu wanga, chikwama kumsana. Anathandiza wa pa njinga yachiwiri kutsika: mayi wokalamba, wamtali, duku loyera kumutu, ndodo m'dzanja. Anaima pa geti limene ndinawotcherera ndekha, akupuma movutikira.

"Odi kuno!" anatero mnyamatayo. Malankhulidwe ake anali a tsidya la Mwami. "Pepani, tafunsira kuyambira kusiteshoni ya mabasi. Kodi pano ndi pamene pali bwato lija ananena pa wailesi? La zidutswa zinayi?"

Palibe anayankha. Gogoyo sanadikire. Maso ake anali atadutsa kale ife tonse n'kukaima pa bwato. Kenako anatembenukira kwa amalume, n'kuwayang'anitsitsa pamphumi ndi pamakutu, ndipo ine ndinaona chimene iye ankaona, chifukwa mphumi yomweyo ndi makutu omwewo zinali pa nkhope yake.

"Ndinalemba mpaka dzanja linatopa," anatero. "Ndinati mwina anasamuka. Ndiuzeni, ana anga, mwini bwatoli ali moyo?"

Ndinatsegula pakamwa. Ambuya anali atafika kale pambali panga. Anandigwira pamkono, zikhadabo zikulowa m'khungu, n'kundinong'oneza kukhutu:

"Bisa chitinicho. Uwauze kuti asochera."

Koma mnyamata uja anali atakankha kale geti, ndipo gogoyo ankabwera molunjika kwa ine, maso ali pa envulopu imene inali m'dzanja langa.

(Ipitirira m'kope lotsatira)